Mkamwini Amene Anaphikika M'jekete

Ku Senga Bay mukafunsa za Lawson, anthu sakuuzani za nkhope yake, chifukwa ndi ochepa amene anaionapo bwinobwino. Ambiri amamudziwira kumsana. Ndi munthu wamtali, woonda ngati nkhafi, ndipo chibadwire sanayendepo ngati anzake. Amangothamanga. Azamba amene anamulandira amalumbira mpaka lero kuti mwanayo anatulukira akupalasa miyendo, thukuta lili kamukamu, moti akanapanda kumugwira kadendene akanakafika ku Salima asanamusambitse.

Bambo ake anali msodzi, ndipo ankafuna kuti mwana wawo atole nkhafi. Koma vuto la Lawson linali thukuta. Ena thukuta limatuluka, la iyeyu linkasefukira. Ulendo woyamba wopita ku chilumba cha Mbenji, asodzi anakapa madzi m'boti njira yonse, akufufuza pamene pabooka, mpaka mmodzi anazindikira kuti pobookapo pakhala pa thabwa ndipo pakudya chinangwa. Pobwerera anamutsitsa pamchenga nkumuuza kuti nyanja ili nawo kale madzi okwanira, akathandize kumtunda.

Kumtundako anapeza ntchito yomuyenera. Ankasenza dengu la chambo chachiwisi nkuthamanga nalo mpaka ku msika wa ku Salima. Minibasi ikamadikira kuti idzaze, kondakitala akukuwa mpaka mawu kusasa, Lawson amakhala atafika kale, nsomba zikuphethirabe.

Musamuyese chitsiru chongodziwa kuponya miyendo. Pa nkhani ya kutentha, Lawson thupi lake ankalidziwa ngati mmene mayi amadziwira kulira kwa mwana wake. Akakhala pa bawo ankalalikira osafunsidwa.

"Thupi ndi mtsuko, akuluakulu," ankatero. "Mtsuko umaziziritsa madzi chifukwa umachita thukuta, mphepo nkubwera kudzalinyambita. Thukuta longochucha ndi madzi otayika. Loziziritsa munthu ndi limene laumira pakhungu."

"Tasewerani bawo, abusa a thukuta," anzake ankamudula.

Nchifukwa chake ankathamanga atavala kakabudula kaufupi ndi vesiti yobookabooka, yoti usipa ukhoza kudutsamo osagunda ulusi. Madzi ankamwa pang'onopang'ono njira yonse, atathiramo kamchere, poti thukuta limatuluka ndi mchere wa m'thupi. Pa mjigo uliwonse ankaima nkuweramitsa mutu, amayi nkumukhuthulira ndowa. Ndipo asananyamuke ankayamba wayang'ana pa thandala. Akaona kuti usipa woyanikidwa dzulo ukadali lendelende, ankadziwa kuti kunja kuli chitungu, mpweya wakhuta kale chinyezi ndipo sulandiranso dontho la munthu. Tsiku lotero ankachepetsa liwiro.

Mkazi anamupeza chifukwa choiwala kuima. Tsiku lina maganizo ali kwina anapitirira msika, anapitirira Salima yense, nkukatsitsimukira ku Chinguluwe, pakati pa minda ya mpunga. Pa mjigo anaweramitsa mutu monga mwa chizolowezi. Mtsikana wina dzina lake Triza, poona mlendo wosapereka moni wangomulozetsa liwombo, anamukhuthulira ndowa yonse mwaukali kuti aphunzire mwambo. Lawson anadzuka akumwetulira. Anati chibadwire sanathiridwepo madzi mwachikondi chotero. Mvula isanagwe, ankhoswe anali atakumana.

Monga mwa mwambo wa kwa Triza, mwamuna ndiye anapita kukakhala kwa mkazi, pa chikamwini. Apa ndi pamene mwana wa msodzi anaona zakuda. Nyanja sankaionanso, nsomba ankaidya youma ngati khungwa, ndipo atamupatsa nazale ya mpunga kuti apalire, thukuta lake lamchere linapsereza mbande zonse. Mtima wake unali pa chinthu chimodzi basi: chitengwa. Ankafuna amulole kutenga mkazi wake nkupita naye kwawo ku Senga Bay.

Woyenera kuvomereza anali mwini mbumba, malume ake a Triza, a Fletcher. Koma a Fletcher anali munthu woti ngakhale pofuna kuyetsemula ankayamba ayang'ana kwa mlongo wawo, mayi Dailes, amayi ake a Triza. Mayi Dailes anali mayi wathupi, wa mawu oti akaitana nkhuku, zimabwera ndi za mudzi woyandikana. Chigamulo chawo chinali chachifupi: mwana wawo satengedwa ndi mkamwini wopanda ulemu.

Lawson atamva zimenezo, anaugwira ulemu ndi manja awiri. Masiku ano akamwini ambiri amakhala pakhonde limodzi ndi apongozi nkumaonera limodzi mpira pa foni. Iye ayi. Anatsata zakale zenizeni, zimene ngakhale nkhalamba za m'mudzimo zinali zitaiwala. Sankayang'ana apongozi kumaso. Sankadya kapena kumwa iwo akuona. Sankalandira kanthu kuchokera m'manja mwawo. Akawaona akubwera panjira ankapatukira kutchire, nkunyonyomala kuseri kwa chitsamba, nkumawomba m'manja chamumtima. Akafuna kulankhulana, mawu ankadzera mwa mwana wina, mwanayo akasowa ankadzera mwa mbuzi. Ndipo bondo lake, mayi Dailes anali asanalionepo. Pothamanga ankatuluka m'mudzi atavala bwinobwino nkukavulira kuseri kwa chulu.

Ankhoswe anapangana kuti nkhani ya chitengwa idzakambidwe Lamulungu lina mwezi wa Disembala. Mwatsoka, Loweruka lake kunali mpikisano wothamanga umene loji ina ya kunyanja inakonza. Sunali mpikisano wamasewera ayi, unali wa anthu amene marathoni amaitenga ngati kupita kuseri kwa nyumba. Unkayambira ku Senga Bay m'mamawa, kukakhotera ku Chinguluwe, nkubwereranso kunyanja. Senga Bay yense anali atanena kale kuti Lawson ndiye awapukute misozi. Koma pokhoterapo anaika mbendera pafupi penipeni ndi khonde la mayi Dailes.

"Ndidutsa bwanji pamaso pa amayi ndili m'kakabudula aka?" Lawson anafunsa mkazi wake. "Mawa lake lomwe ndi mlandu wathu."

Triza ndi mkazi wanzeru, ndipo nzeru zake ndi zimene zinatsala pang'ono kumusandutsa wamasiye.

"Musadandaule, bambo. Ine ndikakudikirirani pa chulu chija ndi suti yanu ya ukwati. Mukavale, mudutse pa amayi ngati munthu, mukakhota mudzavulire pa chulu pomwepo. Ahmad azikutsatani ndi madzi."

Ahmad anali mnzake wa Lawson wa ku Senga Bay, wakabaza, mwini njinga ya mpando wofewa wa nsalu yofiira yokhala ndi mphonje.

Tsikulo linacha moipa. Usiku kunagwa kamvula kongoputa nthaka, m'mawa dzuwa nkutuluka lolusa ngati lalandidwa munda. Mphepo inali itapita kumaliro. Usipa pa thandala unali wonyowa moti wina unkaganiza zobwerera m'madzi. Nkhuku za ku Salima tsiku limenelo zinaikira mazira owiritsa kale. Lawson anaona zonsezi ndipo anayamba mwanzeru, pang'onopang'ono, akumwa, akudzithira madzi, akusiya anyamata a mumzinda amupitirire kuti akawatole kutsogolo atafota. Pofika ku Chinguluwe anali atawatola onse.

Pa chulu anapeza Triza. Anavala buluku lakuda, malaya a manja aatali, ndi jekete lochindikala la pa kaunjika, losokedwera anthu a kumaiko kumene madzi amauma okha panja. Triza anati tayi asiye. Lawson anati ulemu sasiya theka. Anamanga.

Anadutsa pa khonde la apongozi akuthamanga chowerama, nkhope kumbali, manja akuwomba. Mayi Dailes anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo mtima wawo unakondwa pang'ono. Koma panali funso limene linkawasowetsa tulo chikwatiwire mwana wawo. Munthu wamkulu, wandevu zake, sathamanga popanda chomuthamangitsa kapena chimene akuchithamangira. Kumbuyo kwa mkamwini wawo sankaonako galu. Ndiye kuti chinthucho chili kutsogolo, ndipo mwina chimavala chitenje.

"Iwe wanjinga, taima!" anakuwa.

Ahmad anagwira mabuleki asanaganize.

"Ndikweze. Ndikaone ndi maso anga chimene chili kumapeto kwa msewu umenewu."

"Amayi, njingayi lero ndi ya madzi a..."

"Madziwo ndinyamula ine. Palasa."

Anakhala pa mpando wofiira uja, njinga nkulira ngati mwana wa mbuzi, chigubu cha madzi nkuchikhazika pamiyendo.

Lawson akuyandikira chulu, dzanja lili kale pa batani loyamba, anatembenuka kuti aone Ahmad. Anaona duku. Analizindikira dukulo, linali la apongozi ake. Batani analibwezera pamalo pake, ndipo anadutsa pa chulu ngati sakuchidziwa, Triza atagwira kukamwa.

Kuchokera apo, zimene zinachitika pa msewu wa ku Salima anthu akuzikambabe. Njinga ikayandikira, Lawson ankapatukira kutchire monga mwa mwambo, nkumathamanga m'minda ya anthu, kudumpha mizere, kuzungulira ziputu, nkukatulukira kutsogolo. Njinga ikamupezanso, ankalowanso. Anzake ankathamanga msewu umodzi, iye ankathamanga msewu ndi maboma oyandikana nawo.

M'jeketemo munali ng'anjo. Thukuta linkatuluka mwa nthawi zonse, koma lopanda kopita. Mphepo yoti ilinyambite panalibe, ndipo ikanakhalapo ikanayamba yagogoda pa jekete. Linkangotsetsereka, kudzaza nsapato, nkumasiya mzere panjira umene abakha ankautsatira.

Okonza mpikisano anaika matebulo a madzi m'njira. Pa tebulo lililonse Lawson ankatambasula dzanja, nkumva belu la njinga kumbuyo, nkulibweza. Pa mjigo wina amayi omudziwa anathamanga ndi ndowa.

"A Lawson, weramani! Mwavala ngati mukupita kukhoti bwanji?"

Iye anangowagwedezera mutu. Suti ya ukwati munthu angainyowetse pamaso pa apongozi?

Mayi Dailes sanali munthu wouma mtima. Anaona kuti khosi la mkamwini lasintha mtundu.

"Iwe Ahmad, tawauza bambo akutsogolowo kuti madzi alipo kuno."

"Aise Lawson! Akuti madzi alipo!"

"Uwauze amayi kuti zikomo kwambiri, ndamwa kale dzulo," anayankha Lawson, lilime likukanirira kunkhama.

"Akuti amwa dzulo, amayi."

"Uwauze kuti nditembenuka, ndiyang'ana kumbuyo."

Anatembenukadi. Koma mayi wa thupi lotero akatembenuka pa njinga, njinga nayo imatembenuka. Anakathera mu ngalande onse atatu, mayi, Ahmad ndi chigubu. Lawson anamva chiphokoso, koma kuyang'ana apongozi atagwa ndi mwano woposa mwano wonse, choncho anawonjezera liwiro.

Atadzuka nkupitiriza, amene anayamba kufooka anali Ahmad. Kupalasa njinga pa chitungu chotero utanyamula mayi Dailes ndi ntchito yofuna ng'ombe ziwiri.

"Wallahi, amayi, ndikuona mitengo iwiriiwiri."

"Usandifere panjira iwe. Vula shatiyo."

Anamuvulitsa shati, namuthira madzi pamutu, nanyowetsa mpango nkumukulunga m'khosi. Anamasula pa mfundo ya chitenje kamchere kamene ankayenda nako ka mango aawisi, nathira m'madzi, nkumamumwetsa pang'onopang'ono akupalasa. Ankamupepesera ndi chivundikiro cha chigubu. Ahmad anatsitsimuka mpaka kuyamba kuimba. Motero madzi onse a Lawson, ndi chisamaliro chonse chimene Lawson ankachifuna, zinathera pa munthu wa pambuyo pake, iye akumva kukhavukira kwake.

Atadutsa Salima nkulowa msewu wa kunyanja, zinthu zinayamba kusokonekera. Dzuwa lili paliwombo, Lawson anamva kuzizira, thupi lonse tsemwe. Mutu unkagunda ngati mtondo wa anthu awiri. Iye mwini ankadziwa tanthauzo lake, poti ankalalikira zomwezi pa bawo: ukamva kuzizira pa dzuwa, ima, mtsuko wasweka. Koma kuima kunali kudikira apongozi amupeze, ndipo kuvula kunali kutaya Triza. Anasankha kupitiriza. Miyendo inayamba kulemba zilembo pamsewu. Anapereka moni kwa mtengo wa mango, nkuupepesa kuti sanabwere ku maliro a bambo ake.

Pafupi ndi Senga Bay, pamene amayi amagulitsa nsomba m'mbali mwa msewu, Lawson anaima. Anatembenuka. Anayenda molunjika kupita pa njinga, maso ali gwa pa nkhope ya apongozi ake, natambasula dzanja.

"Dailes," anatero, "waswera bwanji, mtsikana? Wanenepatu."

Msika wonse unatembenuka. Ntchentche zinaima m'malere.

"Astaghafirullah," ananong'ona Ahmad, kupempha chikhululukiro kwa Mulungu.

Mayi Dailes sanakwiye. Anachita mantha. Munthu amene wakhala akubisala m'zitsamba chikwatire sangatchule dzina lawo ali bwinobwino.

"Uyu si mwano," anatero akutsika pa njinga. "Ubongo wapsa uwu. Mugwireni!"

Anamugwira akugwa. Khungu lake linkatentha moti Ahmad amati anapsa zala, ndipo amaonetsa chipsera chake kwa aliyense, ngakhale ena amati ndi cha mbaula.

Pamalopo panali mayi wina wogulitsa chambo, dzina lake Safia, amene ankasunga nsomba mu filiji yakufa yogonekedwa chagada, yodzaza ayezi ndi madzi ake. Mayi Dailes anailoza.

"Tsegulani icho, amayi."

"Muli nsomba zanga umu!"

"Zisunthe. Kukubwera mlendo."

Kenaka anayamba kulimbana ndi suti. Poyamba anayesa kusunga mwambo. Anayang'ana kumbali nkumalamula kudzera mwa Ahmad.

"Uwauze bambowa kuti tikuwavula jekete, atikhululukire."

"Aise, akuti akukuvula."

"Auze alowe, chitseko nchotsegula," anayankha Lawson, maso ali kumwamba.

Koma tayi inali itafufuma ndi thukuta, mfundo yake italimba ngati ya ukonde. Mayi Dailes anaona kuti akapitiriza ulemu aika maliro. Anamukankha Ahmad, natenga mpeni wopalira nsomba wa Safia, nadula tayi. Anagwira jekete uku ndi uku nkukoka kamodzi. Mabatani anauluka, lina akuti linakatoledwa ku Mbenji. Malaya anatsatira, buluku linatsatira. Mkamwini anatsala ndi kakabudula kake kaja, kamene kanali katafota nkusanduka ngati kansalu kopukutira magalasi.

Anamunyamula anthu anayi nkumukhazika mu filiji, mutu ndi mapazi zili kunja. Mayi Dailes anamuwunjikira ayezi m'khosi ndi m'khwapa, nkumavundula madziwo ndi dzanja kuti ozizira azimufika ponseponse. Amayi ena anavula zitenje zapamwamba nkumamupepesera. Wina anati amuthamangitsire kuchipatala msanga.

"Ayambe wazizira," anatero mayi Dailes. "Mphika ukamapserera umayamba wauphula, mbale umafuna pambuyo."

Bambo wina wodutsa ndi galimoto anaima kuti agule ndiwo, nasuzumira mu filiji, nafunsa Safia kuti nsomba yaitaliyo ndi ya mtundu wanji ndipo ngati angamudulire chapakati.

Patapita kanthawi maso a Lawson anabwerera m'malo mwake. Anaona thambo. Anaona chambo chitatsamira paphewa pake. Kenaka anaona, pafupi kwambiri, nkhope imene anali asanaionepo bwinobwino chikwatire, ndi dzanja la mwini nkhopeyo litagwira chibuma cha ayezi pamimba pake. Anayesa kupatukira kutchire, koma mu filiji mulibe tchire. Anangotseka maso nkuyamba kuwomba m'manja pansi pa madzi.

Galimoto ya okonza mpikisano inafika nkumutengera kuchipatala, kumene anamuika diripi nkumugoneka. Mpikisano anapambana ndi mnyamata wina wa ku Dedza amene anafika kumapeto akulira kuti amubwezere kwawo kozizira. Lawson za mpikisano sankaziganiza nkomwe. Ankawerenga milandu yake: apongozi wawatchula dzina, wawauza kuti anenepa, wawaonetsa thupi lonse pamsika. Anauza Triza kuti akamangiretu nkhokwe yaikulu ku Chinguluwe, poti iye adzafera komweko, ngati samuthamangitsa.

Nkhani ya chitengwa inakambidwa Lamulungu lotsatira, atatuluka m'chipatala. Ankhoswe anakhala pansi pa mtengo. Lawson ananyonyomala patali, kuseri kwa khola la nkhunda, akununkhabe chambo moti amphaka a m'mudzi monse anakhala momuzungulira ngati mboni. Mayi Dailes anakhala chofulatira, atafunda chitenje kumutu.

A Fletcher anakhosomola, nayang'ana msana wa mlongo wawo kuti aone ngati akhosomola bwino.

"Achemwali, nkhani ija ndi iyi. Mkamwini akupempha chitengwa. Koma poti pachitika zimene zachitikazi, ife tinaganiza kuti mwina..."

"Munaganiza liti inu?" anatero mayi Dailes osatembenuka. "Tamverani. Ine ndinapita kukaona chimene munthuyu amathamangira. Galimoto itamutenga, ndinakafika ndithu kumapeto kwa msewu, ndipo kulibe mkazi, kuli nsalu yolembedwa basi, ndi anthu owomba m'manja. Ndi misala chabe, ndipo misala si mlandu. Koma ine, achimwene, ndaona mchombo wa mkamwini. Ndauona ndi maso awa, masana, ndauikapo ndi ayezi. Ndi wotuluka ngati chitsekerero cha botolo. Ndikatseka maso ndikuuona. Ndiye mukufuna ndizikumana nawo m'mawa uliwonse popita kudimba? Mudzi umodzi sitingakhalenso. Atenge mkazi wake azipita kwawo kunyanja, lero lomwe."

Triza anabisa nkhope m'manja kuti asamuone akuseka. A Fletcher anasokonezeka.

"Nanga za ulemu zija, achemwali? Paja munati..."

"Ulemu ali nawo wochuluka, mpaka unafuna kutiphera munthu pamsewu. Akaupungulire m'nyanja."

Kuseri kwa khola la nkhunda kunamveka kuwomba m'manja, kenaka mawu otsika.

"A Fletcher, muwauze amayi kuti ndathokoza kwambiri. Muwauzenso kuti zija ndinanena zoti anenepa, sindinali ine, linali dzuwa."

"Muwauze," anayankha mayi Dailes, "kuti dzuwalo silinaname. Koma likadzabwerezanso, ndidzatseka filijiyo."